Amayi Ako Atsogola

Dundee, Scotland
9 Malichi 2024

Ababa ndi amayi okondedwa,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko ku Lifuwu. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira sikukumva zoti mwezi wasintha. Amayi, mankhwala a BP aja mukumwabe? Musandinamize, achemwali a Nancy amandiuza zonse.

Kalatayi yabwera ndi mnzanga Tionenji pamodzi ndi katoni yolemera. Ababa, musaitsegule ndi chikwanje. Muli wailesi.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena, dzina lawo a Alex, a zaka 88. Moyo wawo wonse akhala akucheza ndi anthu a maiko akutali pa wailesi ya shotiwevu, osati pa ntchito ayi, kungokonda basi. Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinawauza kuti bambo anga anagwira ntchito ya wailesi pa doko la Chipoka zaka 26, kulankhula ndi sitima za panyanja. Anandigwira dzanja mwadzidzidzi moti ndinatsala pang'ono kuwacheka. Ndinawauzanso kuti kwathu netiweki ya foni imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, nayonso ikakonda. Mawa lake mwana wawo anabwera ndi wailesiyi. Akuti manja awo ayamba kunjenjemera, ndipo safuna kuti ifere m'kabati.

M'katonimo mulinso laputopu yakale ndi kabokosi kolumikizira laputopuyo ku wailesi. Taikamo pulogalamu yaulere. Mukalemba kalata, pulogalamuyo imasandutsa mawu anu kukhala kaphokoso konga ka nkhululu, wailesi n'kukaponya m'mwamba. Makina a munthu wina wokonda mawailesi, kaya ku Joni kaya kwina, amakawakha n'kukalowetsa pa intaneti, ine n'kulandira ngati imelo pa foni yanga. Ndikayankha, yankholo limakudikirani mpaka mutayatsa wailesi. Sipafunika netiweki kapena mayunitsi, bola batire ndi waya wautali.

Koma muyambe mwatenga chilolezo cha boma. Makalata azikhala aafupi poti njira yake ndi yopapatiza, zithunzi sizidutsa, ndipo za malonda saloleza. Mudziwenso kuti m'mwambamo mulibe chinsinsi, aliyense wa wailesi atha kuwerenga. Zina zonse agogo Alex alemba m'kabuku ka buluu.

Iwo sanapemphe kanthu, koma ndawaona m'maso. Akufuna adzalandire kalata imodzi yokha yodutsa m'wailesi yawo kuchokera ku Malawi. Masiku ano akufooka, ndiye musazengereze.

Mundiuze za kumunda.

Ndine mwana wanu,
Monica

*

Lifuwu, Salima
22 Epulo 2024

Mwana wanga Monica,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako. Kuno tili moyo, mvula yadula bwino ndipo mpunga watulutsa ngala zokondweretsa.

Katoni ija ndinalandira. Nditatsegula ndinayamba ndakhala pansi, mpaka amayi ako anafunsa ngati ndadwala. Ukawauze a Alex kuti wailesi yawo yafika m'manja oidziwa. Ya ku Chipoka ija inali yaikulu ngati kabati, inkatentha moti tinkaumitsirapo masokosi. Iyi ndi yonyamulira m'khwapa, koma fungo lake ndi lomwe lija.

Ndinapita ku Lilongwe ku ofesi yoona za mawailesi. Mtsikana wa pakhomo ankaganiza kuti ndikufuna kutsegula wailesi ya nyimbo ndi mauthenga a maliro. Mkulu wake atatuluka tinamvana msanga, tinacheza ola lathunthu. Mapepala ndasiya, akuti ndidikire. Pakadali pano ndikungomvetsera, chifukwa kulankhula wopanda chilolezo sindinachitepo chibadwire ndipo sindiyamba ndi imvi.

Chikundisautsa ndi laputopu. Dzanja langa linazolowera kugogoda kiyi imodzi ya mosi, telegalamu ya pa wailesi ija, ti-ti-taa, uthenga n'kufika ku Monkey Bay. Tsopano makiyi ali mbwee, ndipo A sanayandikane ndi B. Kodi amene anayala zilembo zimenezi anali atalawa? Dzulo ndinasaka W kwa mphindi zisanu.

Waya wa eriyo ukufunika wa mamita makumi awiri. Ndaona kale poumanga, kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa mgwalangwa wa kumpanda. Waya weniweniwo ndili ndi maganizo a kumene ungapezeke, koma nkhaniyi ndi yofunika kuiyendetsa mwanzeru.

Wina akamabwera unditumizire magalasi owerengera amphamvu. Zilembo za a Alex ndi zazing'ono ngati nyerere.

Amayi ako akupereka moni. Kalatayi ndapatsa Nancy kuti aijambule pa foni akafika ku ntchito kwake ku Senga Bay.

Ine bambo ako,
Anderson Kamphinda

*

Lifuwu
19 Meyi 2024

Monica mwana wanga,

Moni. Iyi ndalemba ndekha ndipo abambo ako asadziwe. Mankhwala ndikumwa, koma BP ikakwera udziwe kuti yakwera ndi katoni yako ija.

Mpunga wacha, mpheta zadzaza m'munda, anzathu onse amuna awo ali ku sikimu ya mpunga kuingitsa mbalame. Anga ali pakhomo, makutu atatseka ndi zomvetsera. Lachiwiri ndinachapa, kutuluka ndi beseni kuti ndiyanike, waya wanga palibe. Kukweza maso, uli m'mwamba mwa mango. Munthu wa zaka 69 anakwera yekha pa makwerero obwereka kwa a Yohane oyandikana nafe. Nditafunsa akuti, "Mayi, wayayu wakwezedwa pa udindo." Zovala ndikuyanika pa mpanda ngati mlendo.

Batire ya sola ija unatigulira nayonso yakwezedwa pa udindo. Ndipo phokoso lake, mwanawe! Si nkhululu iyayi, ndi nkhumba yomangidwa pa njinga. Akazi a a Yohane anabwera akuthamanga ndi mchere ndi madzi, ankayesa wina watsamwa.

Chilolezo chabwera. Awapatsa dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q, ndipo alilemba ndi penti pa chitseko cha kuchipinda chako chakale. Koma kalata siinapitebe. Tsiku lililonse akuti mphepo ya m'mwamba siinakhale bwino, mawa. Ndikuona kuti zikuwapweteka mumtima chifukwa cha nkhalamba ya kwanuko, akuopa kuti ingapite isanalandire.

Komabe ndisaname. Chipumireni pa ntchito abambo ako ankangokhala pakhonde kuwerenga nkhuku za eni. Tsopano akudzuka akuimba mluzu, kumeta, kuvala malaya oyera ngati akupita ku doko. Zimenezi usawauze kuti ndanena.

Nanga iwe? Zaka 31 zakwana. Mwana wa a Yohane, mphunzitsi uja, amafunsabe za iwe. Sindikukukakamiza, koma usadzanditengere mwamuna wa kutali. Ine ndikufuna mkamwini woti ndikatsokomola amve.

Uzivala zofunda.

Mayi ako,
Salome

*

Imelo yodzera pa wailesi
8 Juni 2024, 7:12 m'mawa

MONICA NDAFIKA KODI. BAMBO AKO.

*

Dundee
8 Juni 2024

Mwafika, ababa! Mwafika!

Foni inalira ndikugawa tiyi, ndinakuwa mpaka mnzanga anataya supuni. Ndinathamangira kuchipinda kwa agogo Alex n'kuwamasulira mawu anu onse asanu. Anati ndibwereze. Kenako anaitanitsa mapu, n'kuyendetsa chala kuchokera ku Salima kutsikira ku Joni kumene uthenga wanu unawakhidwa, kenako kukwera mpaka kuno. Misozi inali mbwembwembwe, koma akuseka. Tasindikiza uthengawo pa pepala, aumata pamwamba pa bedi. Lero adya chakudya chonse, chinthu chimene sanachite mwezi wathunthu.

Akuti ndikuuzeni kuti 73, ati mudziwa nokha.

Koma ababa, mutha kutalikitsako pang'ono. Ndinati makalata aafupi, sindinati telegalamu.

Monica

*

Imelo yodzera pa wailesi
9 Juni 2024, 6:58 m'mawa

73 NDI MONI WATHU WA ANTHU A WAILESI. UWABWEZERE. VUTO LINALI WAYA UMAKHUDZA NTHAMBI. NDADULA NTHAMBI. AMAYI AKO AKWIYA. MPUNGA MATUMBA 31. MAWU AMBIRI AMADYA BATIRE.

*

Imelo yodzera pa wailesi
Lachisanu, 12 Julayi 2024, 7:05 m'mawa

MONICA. AMAYI AKO ATSOGOLA DZULO MADZULO. ANAPITA BWINOBWINO OSAVUTIKA. ABALE ONSE AKUSONKHANA KU CHIPOKA KWA AMALUME AKO. MWAMBO MAWA. INE NDIKUNYAMUKA TSOPANO. USADANDAULE KUTI SULIPO TIKUIMIRIRA.

*

Dundee
Lachisanu, 12 Julayi 2024

Ababa,

Uthenga wanu ndauona masana ano. Ndinatulukira pa khonde la kuntchito. Ndinaimbira achemwali a Nancy, anangoti, "Mona, tili pa moto pano, anthu achuluka, ndikuimbira," kumbuyo ndikumva amayi a mvano akuimba, foni n'kuduka. Chiyambire pamenepo siikugwiranso. Ya amalume nayonso ndi yozima.

Ndikudziwa kuti simuwerenga izi mpaka mutabwerera kunyumba, ndikudziwanso kuti m'mwambamo aliyense atha kuwerenga. Awerenge. Ndilibe kwina kolankhulira.

Inali BP kodi? Anandiuza okha mu Meyi kuti ikakwera ikhala chifukwa cha katoni yanga, ine n'kumaseka. Ababa, kodi ndine?

Ndikungokumbukira tsiku la mayeso anga a Sitandade 8, ngalande ya ku sikimu itasefukira. Anandibereka kumbuyo, ine chimtsikana chachikulu, madzi akuwalekeza m'chifuwa, yunifolomu yanga ataisenza pamutu kuti isanyowe. Titawoloka anandimenya kambama kapang'ono akuti, "Ukalephere uone." Anali ouma mutu amayi anga, osamva za munthu, olongolola kuyambira m'mawa, koma palibe anandikonda ngati iwo. Tsiku lonyamuka kubwera kuno ndinawakalipira chifukwa anandibisira usipa m'sutikesi. Usipa umenewo ndinadya miyezi itatu ndikulira, koma sindinawauze.

Palinso china chimene sindinawauze. Ndili ndi munthu, dzina lake Jameson. Amayendetsa basi kunoko, kwawo ndi ku Chitipa. Mkazi wake anamwalira, ali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, Tiyamike, amene amandimanga tsitsi molakwika Lamlungu lililonse. Tinagwirizana zokwatirana chaka chatha. Ndinkaopa kunena chifukwa amayi ankafuna mkamwini wa pafupi. Ndinkati ndidzawauza maso ndi maso pa Khirisimasi. Tsopano apita osadziwa kuti mwana wawo ali pabwino.

Kuntchito andipatsa masabata awiri. Jameson wandipezera ndege ya mawa madzulo, ndifika ku Lilongwe Lamlungu masana. Mwambo undipita, koma ndikufuna ndidzaone pamene mwawagoneka.

Limbani mtima, ababa. Muzidya.

Monica

*

Uthenga wa pa foni
Loweruka, 13 Julayi 2024, 6:40 madzulo

Mona wanga, ndine Nancy. Pepa dzulo foni inazima, kuno magetsi kunalibe ndipo ine ndinali pa mapoto a anthu mazana atatu. Ukwati wa Faith wa amalume wayenda bwino zedi! Paja anausendeza kuchoka mu Seputembala poti mwamuna wake wapeza ntchito ku Nacala, ababa anakuuza eti? Ndakutumizira kavidiyo. Taona amayi mmene akudulira chiuno pa pelekanipelekani, munthu wa BP! Bwanji foni yako siikugwira?

*

Imelo yodzera pa wailesi
Lamlungu, 14 Julayi 2024, 2:30 masana

Monica mwana wanga,

Ndine mayi ako, malemu. Ndikulankhula ndili pa mpando, abambo ako akulemba, ndipo ndawauza kuti akadumpha liwu limodzi wailesiyi igona m'ngalande. Zilembo zikuluzikulu zija ndaletsanso, zimakhala ngati munthu akukukalipira.

Tafika kuchokera ku Chipoka masana ano. Ine ndinatsogola Lachinayi kukathandiza kuphika, pa galimoto ya a Yohane, n'chifukwa chake ndinapita osavutika. Ine ndinkati abambo ako anakuuza za ukwati pa wailesi, iwo ankati ndinakuuza ine kudzera kwa Nancy. Tisanavule n'komwe nsapato anathamangira kuchipinda kwawo kuja, nkhumba yawo n'kulira nthawi yaitali. Akuti, "Mayi, bwerani, mwana walemba yaitali." Anayamba kuwerenga mokweza, monyadira. Atafika pa "mwawagoneka" mawu anali atawathera.

Ndinayamba ndaseka mpaka kugwa pa mpando. Kenako ndinawauza abwereze kuyambira poyamba, ndipo ulendo wachiwiriwo sindinaseke.

Mwanawe, si iwe ndipo si katoni yako. BP ili bwino, ndavina maola atatu. Za ngalande ija ndinkayesa unaiwala. Unkalemera ngati thumba la mpunga wosapuntha, ndipo msana unandipweteka sabata yathunthu. Zoti ndine wouma mutu ndi wolongolola ndazimvanso, tidzakambirana ukafika. Anthu ambiri zabwino zawo zimanenedwa iwo atagona m'bokosi. Ine ndamva zanga nditakhala pa mpando wanga, chitenje cha ukwati chili m'chiuno.

Tsopano za Jameson. Chaka chathunthu! Ku Chitipa! Kumeneko ngakhale nditatsokomola ndi chimkuzamawu sangamve. Koma munthu amene wapezera mwana wanga ndege tsiku limodzi kuti akalire mayi ake, ameneyo ndikufuna kumuona. Kamwanako uzikaphunzitsa kumanga tsitsi bwino.

Nancy wapita pa chulu kukayesa foni yako. Ukatsika ndege usalire m'minibasi, anthu angakubere chikwama. Ukafika ku Salima ugule shuga ndi buledi, kuno kulibe kanthu, sitimayembekezera alendo a pamaliro.

Mayi ako wamoyo,
Salome

NDALAKWA MWANANGA. BATIRE YATSALA PANG'ONO. BAMBO AKO.

*

Imelo yodzera pa wailesi
Lachiwiri, 16 Julayi 2024, 7:20 m'mawa

Jameson wanga,

Moni kuchokera ku Lifuwu. Ndikulemba ndekha pa laputopu ya ababa, iwo aima kumbuyo kwanga kuyang'anira batire. Tiyamike ali bwanji? Paja unangolandira mawu anga awiri aja akuti "ali moyo", ndiye imva zonse.

Ndinayatsa foni pa bwalo la ndege ku Addis Ababa, uthenga wa achemwali n'kulowa. Ndinatsegula kavidiyo ndikuganiza kuti ndi ka mwambo wa maliro. Ndinaona amayi anga ali pakati pa bwalo, mpango uli pambali, akuvina chobwerera m'mbuyo. Ndinaonera kanayi. Kenako ndinakhala pansi penipeni, kuseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka mayi wina wa ku Zambia anandipatsa madzi n'kundifunsa ngati ndaferedwa. Ndinati ayi mayi, ndaukitsidwa.

Kalata ya amayi ndinaiwerengera m'minibasi pa Mvera. Ndinagona ku Senga Bay kwa achemwali, dzulo m'mawa n'kukwera kabaza. Ndinawapeza akupeta mpunga pabwalo. Sanadzuke n'komwe. Anangoti, "Shuga uja wagula?" Koma nditagwada pafupi anasiya lichero n'kundigwira nkhope ndi manja onse awiri, mankhusu ali thoo. Ababa anazungulira kuseri kwa nyumba, akuti akukaona waya.

Mudzi wonse wamva. Anthu akubwera kudzandipepesa maliro akuseka, ena agwira nkhuku. Amalume afika dzulo lomwelo kuchokera ku Chipoka, ndipo poti abale anali asanabalalike, nkhani yathu yakambidwa. Akuti a kwanu abwere mwezi wa mawa adzaonekere. Uwauze amalume ako a ku Chitipa ayambe kusita jekete.

Ababa apatsidwa lamulo: uthenga uliwonse uziyamba wawerengedwa ndi amayi usanapite. Iwo akuti zimenezi ngakhale ku doko kunalibe. Upite kwa agogo Alex ukawafotokozere zonsezi, koma uyambe wawakhazika bwino pa mpando, angagwe ndi phwete. Uwauzenso kuti ababa akufuna kudziwa ngati wayayu angamakwezedwe mamita ena awiri mwera ukatha.

Ukukumbukira diresi lakuda lija tinagula mothamanga Loweruka m'mawa? Amayi analipeza akufufuza m'sutikesi mwanga. Analiyang'ana uku ndi uku, kufunsa mtengo wake, kenako n'kulowa nalo kuchipinda. Atuluka atavala, likuwakhala ngati anachita kuwayeza. Ndinati amayi, limenelo ndi langa. Akuti, "Unagulira maliro a ndani?" Ndinati anu. Akuti, "Basi, mwini wake ndalandira."

Lamlungu akupita nalo ku tchalitchi.

Wako,
Monica